Womasulira Mafilimu ndi Botolo la Petulo

Panali munthu wina amene ankakhala pamalo a malonda m'mbali mwa msewu wa phula. Ntchito yake inali yomasulira mafilimu. Ankatenga filimu ya anthu akutali, n'kuikamo mawu ake m'Chichewa, kenako n'kumaonetsa anthu m'chisakasa chake. Ngwazi ikalankhula, mawu anali ake. Chigawenga chikalira, mawu anali ake omwewo.

Tsiku lina jenereta yake inatsokomola kawiri n'kuzima. Makaniko atatsegula, anapeza mchenga m'thanki.

Palibe amene anaona wothira mchengawo. Koma mtima wa munthuyu unathamangira kwa a Lingisoni, mnzake amene anagwira naye ntchito zaka zinayi asanakamange chisakasa chawochawo tsidya la msewu. Kuyambira tsikulo chilichonse chinasanduka umboni. A Lingisoni akapereka moni, iye ankati akundinyodola. Akadutsa chete, ankati chikumbumtima chikuwalasa. Akaseka ndi anyamata a pachiwaya, ankati akuseka ine.

Mkazi wake anati, "Bambo, bwanji osangopita kukawafunsa?"

Iye anayankha kuti, "Mbala inayamba yavomerapo?"

Anagula petulo m'botolo n'kulibisa kuseri kwa sipika. Chisakasa cha a Lingisoni chinali chofolera ndi udzu. Iye ankangodikira Lamulungu labwino, anthu onse atapita kutchalitchi.

Masiku omwewo anamubweretsera filimu ya karate, gawo lachiwiri, lija anyamata amati pati thu. Gawo loyamba analimasulira yekha chaka chapitacho. M'menemo mphunzitsi wa karate anafa ndi poizoni, ndipo wophunzira wake anadzikonzekeretsa, kumenya mitengo mpaka manja kuchucha magazi, kenako anakapha mwini sukulu ina ya karate amene ankamuganizira. Anthu anaimirira m'mabenchi, kuwomba m'manja.

Munthuyu sankakhulupirira magawo achiwiri. Ankati, "Amenewa amangotidyera masuku pamutu. Nkhonya zomwezo, mateche omwewo, asintha malaya okha." Anyamata ankamutsutsa, amati iyi yokha ikuposa yoyamba. Choncho Loweruka masana analumikiza makina ake ku batire ya galimoto, n'kukhala pansi ndi maikolofoni, nkhope ili gwaa, kufuna kupeza pamene opanga filimuwo akunamiza anthu.

Nkhonya zinalidi zomwezo. Koma amene ankamenya mitengo tsopano anali mwana wamkazi wa mwini sukulu amene anaphedwa uja. Atakumana ndi ngwazi ya gawo loyamba, mtsikanayo sanafulumire kuponya teche. Anafunsa funso, ndipo womasulirayo analinena m'mawu aakazi monga mwa ntchito yake: "Kodi unawaona bambo anga akuthira poizoni?"

Ngwaziyo inaweramitsa mutu n'kuyankha. Yankho lake linali lalifupi: sindinawaone. Koma womasulirayo atatsegula pakamwa kuti alinene, mawu anakana kutuluka. Anabweza filimu, kuyesanso. Anakana.

Anakatenga gawo loyamba n'kulionanso lonse, kusakasaka malo amene akuonetsa dzanja lothira poizoni. Panalibe. Chimene anamva ndi mawu ake omwe, akutukwana mwini sukulu uja kuti galu iwe, mfiti iwe. Matukwanowo m'filimu munalibe. Anawonjezera yekha, kuti anthu asangalale.

Lamulungu m'mawa anawoloka msewu chimanjamanja. Anapeza a Lingisoni atakhala pakhomo pa chisakasa chawo, atavala jekete ya kutchalitchi, pambali pali ndowa ziwiri za madzi, pamiyendo pali chikwanje.

"Achimwene, simunapite kokapemphera?"

"Lamulungu lachitatu lino ndikulondera pano," anatero a Lingisoni. "Wogulitsa petulo anandiuza kuti mwagula botolo. Munthu woti jenereta yake inafa, petulo ngwachiyani?"

"Mchenga uja munathira ndinu?"

"Ayi. Koma mukanayatsa denga langa, ine ndikanakutemani. Ana anu akanakula akuloza ana anga."

Musaganize kuti munthuyu anakhulupirira zonse. Ayi, kukayikira kunatsalabe mumtima mwake, ndipo amene anathira mchenga sanadziwike mpaka lero. Koma anabwerera tsidya lija, n'kutenga botolo, n'kuliika pamapazi a mnzakeyo. A Lingisoni analiyang'ana. Kenako anatsitsa chikwanje pansi.

Abale ndi alongo, ine mafilimu a nkhonya sindiwakhulupirira, ndipo sindikukutumani kuti mukawaonere. Koma gawo lachiwiri lija linali ndi ubwino umodzi: linaonetsa zimene gawo loyamba linabisa. Wobwezera amaganiza kuti akamenya, nkhani yatha, anthu awombe m'manja. Nkhani siitha. Munthu amene wamugwetsayo ali ndi mwana, ndipo mwanayo akukula.

Ambirife tili ndi botolo limene tinabisa penapake, kudikira tsiku labwino. Timati tikudziwa amene anatilakwira. Mnzathu akatipatsa moni timamva chipongwe, pamene chipongwecho taikamo tokha ndi mawu athu. Musanayatse moto, kayikirani mtima wanu monga mmene mumakayikirira mnansi wanu. Amene anaona dzanja lothira mchenga ndi Mulungu yekha, ndipo mlanduwo adzaweruza ndi Iye. Inu wolokani msewu, manja ali pululu, mukafunse.