Chimanga Chimene Njiri Anakwirira

Nthano iyi ndinaimva kwa malemu a Gelesomu Chimtengo, amene ankaimba belu pa tchalitchi chathu. Anaikamba masana ena kwa ana amene ankawathandiza kuswa mtedza, ine nditakhala pambali. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ndikuibweza monga anainenera.

Padangokhala, nyama zikadagwira khasu, panali Njiri. Munda wake unali m'mbali mwa njira, ndipo aliyense wodutsa ankaima n'kugwira pakamwa. Mizere yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe, udzu ngakhale umodzi ayi. Njiri ankakhuta matamando amenewo kuposa chimanga chenichenicho.

Chaka china nyama zinagwirizana zolowa inshuwaransi ya mbewu. Mvula isanayambe, aliyense ankapereka dengu la chimanga ku nkhokwe ya onse, kuti munda wa wina ukawonongeka ndi matalala kapena chilala, nkhokweyo imudyetse. Woyendera minda yowonongeka anasankhidwa Bilimankhwe, poti maso ake amaona uku ndi uku. Tsiku lofotokoza malamulo, Njiri anatula dengu lake n'kunyamuka.

"Khalani mumve kaye, bambo," anatero mkazi wake.

"Ndimve chiyani? Bilimankhwe andiphunzitse ine za munda? Tsala umve ndiwe."

Mkaziyo anatsala, namva.

Chimanga chitamasula ngayaye, kunagwa matalala aakulu ngati mazira a nkhanga. Masamba anasanduka nsanza, mapesi anagona. Munda wa Njiri unagona. Munda wa Nungu, mayi wamasiye wolima m'malire mwake, unagonanso.

"Uthenga ndatumiza kale," anatero mkazi wa Njiri. "Koma lamulo likuti munda usakhudzidwe mpaka a Bilimankhwe auone ndi maso."

"Bilimankhwe? Uja amaponda phazi limodzi n'kuyamba wapempha chilolezo kwa linzake? Adzafika ana athu atamera imvi!"

Njiri anayesa kudikira, koma njira ija inamuzunza. Akadutsa Gwape: "Pepani, a Njiri." Akadutsa Mbawala: "Pepani, a Njiri." Pepani aliyense ankamulasa ngati munga. Kenako anadutsa Nyani, nakwera pa chulu.

"Kodi munda wa katswiri uja ndi uwu? Ine ndimayesa mwayala mphasa kuti tikhalepo!"

Basi, Njiri anaitana dima, kuti anzake abwere ndi makasu, iye awaphikire chakudya ndi thobwa. Chimanga chochepa chimene chinatsala m'nyumba, chimene chikanawafikitsa pokolola, anachitulutsa chonse.

"Nanga ana adya chiyani, bambo?"

"Inshuwaransi ibweza. Dengu ndinapereka ine, onse akuona."

Nyama zinabwera, zinamwa, zinalowa m'munda zikuimba:

Kwirira, kwirira,
Munda wa Njiri sugona!
Kwirira, kwirira,
Manyazi apite pansi!

Mapesi onse anawakwirira m'mizere, pamwamba pake n'kubzala mbatata. Munda unakongolanso, ndipo Njiri anatukula mchira. Atasuzumira kwa Nungu, anaona chimanga chikadali chigonere, chikuwola, ntchentche zili ng'waa.

"Mlamu, mukulondera maliro a chimanga? Ulesi umenewu mudzafa nawo."

"Ndikudikira a Bilimankhwe, alamu," anatero Nungu. "Zonunkha zomwezi ndiye mboni yanga."

Bilimankhwe anafika ndithu, mbatata ya Njiri itayamba kuyanga. Analowa kaye kwa Nungu. Anagwira phesi, naona mabala a matalala. Anagwira lina, naonanso mabala. Anayenda mzere ndi mzere mpaka kumapeto.

"Mayi, apa palibe chotola. Mupite ku nkhokwe mukatenge chakudya cha ana."

Kenako anaoloka malire. Diso lina linali pa mizere, lina pa Njiri.

"Mbatata yabwino, a Njiri. Nanga chimanga chimene chinawonongeka chili kuti?"

"Chili pansi apa, ndinachikwirira."

"Pansi? Maso anga amazungulira, koma nthaka sabowola."

"Funsani amene anabwera ku dima! Onse anachiona."

"Amene anamwa thobwa lanu anganene china chiyani?" anatero Bilimankhwe mofatsa. "Sindikuti mukunama. Koma sindikudziwa ngati chinafa chonse, kapena china chikanadzuka. Chimanga cha m'nkhokwe ndi thukuta la nyama zonse. Ndikapereka pa chimene sindinaone, mawa Fisi adzandiuza kuti matalala amuphera munda umene sanalime n'komwe."

"Dikirani, achimwene! Ndikuonetsani."

Njiri anagwada, nayamba kufukula mzere ndi minyanga yake. Anafukula, anafukula, natulutsa zakuda zofumbutuka. Anathamangira pa mzere wina. Anafukula, anafukula, zakuda zokhazokha. Mapesi anali atawola, mabala a matalala atawolera limodzi. Mbatata imene ikanawathandiza anaizula yekha pofukulapo.

Bilimankhwe anaima nthawi yaitali, khungu lake litachita kuda ndi chisoni. Kenako anaponda phazi limodzi, naponda linzake, napita.

Mkazi wa Njiri anangotola makasu, nakumbatira ana, amene ankaimbabe nyimbo ya dima osadziwa kanthu:

Kwirira, kwirira,
Manyazi apite pansi!

"Khalani chete, ana inu," anatero Njiri.

Chaka chimenecho banja la Njiri linadya mizu. Nungu ankawabweretsera kambale ka ufa, ndipo Njiri, uja ankamunena ulesi, ankalandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Kamwana kawo kotsiriza sikanafike pa mvula ina. Mpaka lero mukamuona Njiri kutchire, mudzamupeza atagwada, akufukula nthaka. Ena amati akufuna chakudya. A Chimtengo ankati akufunabe mapesi aja, kuti mwina Bilimankhwe angadzadutsenso.

Atafika pamenepa anaika lichero pansi, nayang'ana ana aja mmodzimmodzi, nati:

"Ana inu, tsoka likakugwerani musalikwirire chifukwa cha manyazi. Lisiyeni poyera mpaka wokuthandizani alione."