Zikhomo Pansi pa Windo

Kuhotela ina ya kuphiri ankamanga zipinda zatsopano. Chipinda chotalikirana ndi phokoso chinali chimodzi chokha, ndipo munali Dafuleni ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene. Lamulungu, amisiri akupuma, kunafika mlendo wina wolemekezeka, bwana Chimphonda, n'kulamula kuti awiriwo atuluke, iye agonemo.

Dafuleni anazemba kupita kuseri, nakhoma zikhomo pansi pa windo, n'kukunga chingwe monga achitira amisiri asanakumbe maziko.

"Lowani bwana, mwatithandiza," anatero akunyamula chikwama.

Bwana anasuzumira pawindo naona chingwecho, naganiza kuti mawa amisiri ayamba kumanga pomwepo.

"Ukundiyesa mwana? Khala momwemo. Ine ndikagona uko, pafupi ndi pomwe makoma anatha kale."

Makomawo analidi atatha. Kunangotsala kukhoma malata, ndipo Lolemba m'mamawa amisiri anakwera padenga ndi nyundo zawo.