Unyolo Umene Unaima Uli Wodzaza

Panali munthu wina, mwini chigayo cha chakudya cha nkhuku, amene ankamusowa kwambiri mkulu wake koma osafuna kuvomera.

Chigayocho anamanga awiri. M'kati mwake munali ngalande yaitali yachitsulo, ndipo m'ngalandemo munkayenda unyolo wa timakasu tokokera chimanga kuchokera m'nkhokwe kukafika pogayira. Chinawadanitsa abalewa ndi mota yokoka unyolowo. Mkulu ankafuna yaikulu. Mng'ono analumikiza yaing'ono, unyolo n'kuyenda bwinobwino, chimanga chikutsanulidwamo pang'onopang'ono.

"Mwaona, achimwene? Ikukokatu!"

"Ikukoka chifukwa unyolo wayamba uli wopanda kanthu," anatero mkuluyo. "Mphamvu ya mota sitiyesera pa tsiku labwino ayi. Timayesera pa tsiku limene unyolo udzaime uli wodzaza, ife n'kumafuna kuudzutsa."

Mng'onoyo anali wa pakamwa pothamanga. Anaseka pamaso pa antchito onse, nati, "Mwakalamba, achimwene. Mantha anuwo kawetereni mbuzi kumudzi."

Mkulu anavula ovolosi, n'kupita ku Mchinji kwawo kwa mkazi wake, osabweranso.

Zaka zinadutsa, mota yaing'ono ija ikugwirabe ntchito. Koma mwini wake mtima unali kwina. Wina akatsokomola pakhomo ngati achimwene ake, ankatembenuka msanga. Tsiku likayenda bwino ankasowa womuuza, ndipo likavuta ankasowa womukalipira. Anali wosungulumwa ndithu. Komabe zonse zimene ankachita n'kutuma oyendetsa malole a chimanga kuti, "Mukawapatse moni achimwene." Mumtima ankati chibale ndi fupa, sichiola, tsiku lina adzangopitiriza pamene anasiyira. Inde sichiola, koma ndani anaonapo fupa lothyoka likulumikizika ndi moni?

Tsiku lina masana magetsi anazima ngalande ili thoo ndi chimanga. Atayakanso, munthu uja anadina batani. Mota inabuula, unyolo osasuntha ngakhale pang'ono. Anadinanso. Kenako kunamveka fungo la mawaya opsa, utsi n'kutuluka.

Panalibe kuchitira mwina. Anatsegula zivundikiro za ngalande, n'kuyamba kutapa chimangacho ndi manja, iye ndi antchito ake, mpaka msana kuwawa. Ali wowerama choncho, anaganiza za mawu aja amene anawalankhula pagulu. Mawuwo anali adakali pomwepo pakati pa iye ndi mbale wake, ndipo chaka chilichonse ankalemerabe.

M'mawa mwake anatseka chigayo, nakwera minibasi ya ku Mchinji osatumiza uthenga. Anawapeza achimwene ake atakhala pabenchi, mutu uli mbuu ndi imvi zimene iye sanazione zikumera. Anagwada pansi, azilamu ndi ana akuona.

"Achimwene, ndinakunyozani pamaso pa antchito. Ndinalakwa. Ndakusowani."

Mkuluyo anamuyang'ana.

"Moni wako yense ankafika, mphwanga," anatero. "Ine ndinkadikira mwini wake."

Atatero anasendera uko, n'kumusiyira malo pabenchipo.

Inu amene mukumva, ubale umene ukuyenda sufuna mphamvu zambiri. Kamoni, kuseka pang'ono, umayenda. Koma umene unaima utasenza mawu olemera sudzuka ndi kamphamvu komweko. Ngati alipo amene mtima wanu umamulira, lekani kumutumira moni kudzera mwa anthu. Pitani nokha, mukagwade, mukatape ndi manja anu zimene munathiramo, iye akadali moyo kuti akusendereni.