Masamba Amene Elifazi Sankawerenga

Panali munthu wina, mlimi wa mbatata kumapiri, dzina lake Elifazi. Anali ndi mng'ono wake mmodzi yekha, Yotamu. Onse awiri ankalalikira mumpingo umodzi, ndipo Lamlungu lililonse ankayenda limodzi, wina patsogolo wina pambuyo, akukambirana za Malemba.

Bambo awo anamwalira asanapondeko m'tchalitchi. Apa m'pamene panayambira nkhani. Yotamu ankati Khristu anafera anthu onse, ndipo m'busa sapuma nkhosa yotayika isanapezeke. Choncho nawonso bambo adzapezeka. Elifazi ankati ayi, chipata n'chopapatiza, olowapo ndi owerengeka, ndipo misozi ya mwana singachikulitse. Ankanena zimenezi mtima ukumupweteka, poti bambo akewo ankawakonda. Koma kwa iye kunamizira Mulungu kunali koopsa kuposa chisoni.

Anatsutsana chaka chathunthu, aliyense ndi mavesi ake. Kenako Elifazi anaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti mng'ono wake akusocheretsa anthu. Anatuluka ndi mabanja asanu ndi awiri, namanga katchalitchi kaudzu kutsidya kwa mtsinje.

Zaka zinapita. Ena anamwalira, ena anasamuka, ena anawachotsa yekha. Mkazi wake atamwaliranso, Elifazi ankaimba nyimbo yekha, kulalikira yekha, n'kudziyankha yekha ameni. Sankadandaula. Ankati owerengeka aja ndi amenewa.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti Yotamu wamwalira. Elifazi sanapite kumaliro. Ankaopa kuti akakaoneka kumeneko, anthu adzati wavomereza chiphunzitso chija. Anagwira khasu tsiku lonse, nyimbo za maliro zikumveka kutsidya.

Patapita masabata atatu, mkazi wa malemuyo, Nankhoma, anawoloka mtsinje atakulunga Baibulo m'kansalu. Anakhala pansi, nalipereka ndi manja awiri.

"Alamu, anasiya mawu oti ndikupatseni inuyo."

Elifazi analitsegula akuyembekeza kupeza mavesi a mng'ono wake atalembedwa mizere. Anawapezadi. Koma masamba amene anada kwambiri ndi zala, ena mpaka kunyotsoka m'mphepete, anali onena za chipata chopapatiza, za kulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, za anamwali otsekeredwa kunja. Anali mavesi ake iye Elifazi.

Nankhoma anafotokoza kuti mwamuna wake ankawawerenga m'mawa uliwonse, nthawi zina mpaka chakudya kuzizira. Ankati mwina achimwene akuona chimene iye sakuchiona. Kawiri konse Yotamu anafika pamtsinje kuti adzafunse, koma n'kubwerera.

Mayiyo atapita, Elifazi anatenga Baibulo lake la iye mwini. Anafufuza malo amene amati Mulungu safuna kuti wina aliyense atayike. Masamba ake anali oyera, ena omatirirana ngati buku logulidwa dzulo. Anawerenga pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka. Sanasinthe maganizo, pakuti mavesi ake akale anali pomwepo. Koma awanso anali pomwepo, m'buku lomwelo, ndipo anasowa powaika. Funso linamukulira mumtima. Anadzuka, navala chipewa, natsika kanjira kuti akamufunse Yotamu.

Anakumbukira kuti Yotamu kulibenso madzi a mumtsinje atamufika kale m'mawondo.

Inu mukundimvetseranu, sindinakuuzeni amene analondola pa awiriwa, chifukwa nanenso ndikuwerengabe. Koma mukafika kunyumba, tsegulani Baibulo lanu muone masamba amene akadali oyera. Kawirikawiri amenewo ndi amene akuwerenga mbale wanu uja munasiya kumupatsa moni. Pitani mukawerenge naye akadali moyo.