Kalendala Imene Inapulumukira Kumjigo

Panali munthu wina, mlembi pa kachipatala kena ka kumudzi, amene ankakhulupirira makina kuposa anzake a pantchito. Sanali munthu woipa ayi. Anali wachangu, ndipo changu chakecho ankachinyadira.

Pachipatalapo pankabwera dokotala wa maso kuchokera kutauni, kamodzi kokha pachaka, masiku atatu basi. Chaka chonse mlembi uja ankasonkhanitsa mayina a odwala ng'ala amene ankadikira opaleshoni. Ankawalemba mu kalendala ya pakompyuta, ija imakhala pamodzi ndi maimelo: dzina, mudzi, tsiku lobwera, ndi nambala ya foni yowapezera. Buku la mapepala analisiya kalekale, ati n'zachikale.

Mmodzi mwa olembedwawo anali Mayi Nankhoma, telala wa kumudzi wina wakutali. Maso awo onse awiri anachita ng'ala, moti makina awo osokera anakhala ofundidwa chitenje miyezi khumi. Foni analibe. Nambala imene anasiya inali ya mwini golosale wa kufupi ndi kwawo, ndipo sinalembedwe pena paliponse koma mu kalendalamo. Akanapanda kuitanidwa ulendo umenewu, ndiye kuti chaka china chathunthu akuyenda mogwiridwa dzanja.

Makompyuta anali awiri. Ina inkakhala mu ofesi ya mlembi. Inayo inali laputopu imene namwino wa pamenepo, Mayi Chimphonda, ankayenda nayo m'midzi. Makompyuta awiriwa ankagwirizana kudzera pa intaneti. Ukalemba kanthu mu imodzi, kankaonekeranso mu inzake ikangogwira netiweki. Ukafufuta mu imodzi, kankafufutikanso mu inzake. Mbali yoyambayo mlembi ankaitamanda kwa aliyense wolowa mu ofesi, ngakhale wongobwera kudzapempha cholembera. Yachiwiriyo sankaiganizira n'komwe.

Kutatsala sabata imodzi kuti dokotala afike, mphenzi inaotcha kompyuta ya mu ofesi. Anabweretsa yatsopano. Mlembi anailumikiza yekha, akuimba kamluzu. Ndiye makinawo anamufunsa kuti, kalendala ya muno ndi ya pa intaneti zikusiyana, tisunge iti? Funsolo linali lalitali, iye anali ndi changu chake chija. Anadina osawerenga. Anasankha ya m'kompyuta yatsopanoyo, imene munalibe ngakhale dzina limodzi. Yopanda kanthuyo inakwera pa intaneti n'kufufuta yodzaza ija. Mayina makumi anayi, onse psiti!

Mluzu unathera pomwepo. Anachita mantha. Kenako anakumbukira kuti laputopu ya namwino yakhala masiku atatu kumidzi kopanda netiweki, ndiye kuti mayina onse akadali momwemo. Mtima unakhala pansi. Anapita kukadikira pageti.

Njinga yamoto ya namwinoyo itangoima, iye anali atafika kale.

"Mayi Chimphonda, mwayenda bwanji? Musapume, tiyeni mu ofesi. Kalendala yafufutika. Tiyatse laputopu yanuyo igwire netiweki, zonse zibwerere."

Mayiwo sanatule n'chikwama chomwe. Anati, "Pepani alembi, ndifunseko. Ikagwira netiwekiyo, ndi iti imene imvere inzake? Yanga kapena yanuyo?"

"Zimenezo makina amadziwa okha."

"Nanga ngati amadziwa okha, yafufutika bwanji?"

Funso limeneli linamubaya mlembi. Anayankha mokalipa kuti, "Mayi, zanu ndi za jakisoni. Za makompyuta mundisiyire ine."

Mayi Chimphonda sanakangane naye. Za makompyuta sankadziwa zambiri, n'zoona. Koma chimodzi ankachidziwa: laputopuyo ukangoitsegula mkati mwa mpanda wa chipatala, imagwira yokha netiweki ya mu ofesi, osapempha chilolezo kwa munthu. Choncho anatembenuka n'kutuluka pageti, chikwama chili kumsana. Mlembi anawaitana kawiri, iwo osacheuka. Anadutsa pamsika, anatsetsereka mpaka kumjigo wa kudambo, kumene netiweki ya pachipatala siifika.

Kumeneko anakhala pasimenti, amayi otunga madzi akungowayang'ana modabwa. Anatsegula laputopu. Kalendala inali momwemo, yathunthu. Anaikopera pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kamene ankasungirapo malipoti awo. Anaitsegula pa fulashipo kuti aone ngati yalowadi, n'kuwerenga mayina limodzilimodzi mpaka makumi anayi. Atatero anatseka n'kubwerera.

Anapeza mlembi atakhala ndwii, nkhope ili yakugwa. Anaika laputopu patebulo n'kunena kuti, "Tsopano yatsani, alembi."

Mlembi anayatsa, akufuna kuwaonetsa kuti ataya nthawi pachabe. Mayina anaonekera onse. Iye anamwetulira, n'kukweza chala kuti alozere. Chalacho chisanafike, laputopu inagwira netiweki, inamvera zimene inapeza kumeneko, ndipo tsamba lonse linayera mbee.

Mlembi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaona bwino lomwe chimene chikanachitika mayiwo akanamumvera pageti paja.

Mayi Chimphonda sananene kuti ndinakuuzani. Anangotulutsa fulashi m'thumba la yunifolomu n'kuiika m'dzanja lake. Anakhala pansi awiriwo, nabwezera kalendala ija m'kompyuta yatsopano. Ulendo uno funso lililonse limene makina ankafunsa, mlembi ankaliwerenga mokweza mpaka kumapeto, n'kuyang'ana kaye kwa mnzake asanadine. Mayina anabwerera m'makompyuta onse awiri.

M'mawa mwake mlembi anayamba kuimba mafoni. Mwini golosale uja anayankha, nakafikitsa uthenga. Mayi Nankhoma anabwera pa tsiku lawo, dokotala anawachita opaleshoni. Atawachotsa bandeji, anapempha kuti awaperekeze kwa munthu amene anawaitanitsa. Pofika pakhomo la ofesi anasiya dzanja la wowaperekezayo, n'kulowa okha.

"Ndinu alembi aja? Mulungu akudalitseni, bambo. Chaka chonse chija simunanditaye."

Apa mlembi akanatha kungolandira, pakuti ndani akanadziwa? Koma anaimirira, misozi ikulengeza, nati, "Mayi, ine ndinakutayani. Amene anakutolani ndi awa." Analoza Mayi Chimphonda, amene ankadutsa pakhonde atanyamula mbale ya thonje. Mayi Nankhoma nkhani ya makompyutayo sanaimve, ndipo sanafunse. Anangopita kukagwira namwinoyo manja onse awiri, mbale ndi thonje lomwe, n'kukana kuwasiya.

Tsono inu amene mukundimvera, tisanamizane. Tonsefe timakonda munthu wotivomereza msanga. Tikati kumanzere, nayenso kumanzere, ndiye timati ameneyu ndiye mnzanga weniweni. Koma wovomereza chilichonse amavomerezanso cholakwa chanu, n'kuchinyamula kukachigawira ena. Makompyuta aja ankagwirizana kwambiri, ndipo kugwirizana kwawoko kukanasiya anthu makumi anayi osaona.

Aliyense wa inu ali naye wina amene tsiku lina anakana kukumverani. Mwina ndi mkazi wanu, mwina mnzanu wa pantchito, mwina mng'ono wanu amene munamuuza kuti izi sizikumukhudza. Munakwiya, iye anakutembenukirani msana, ndipo chimene muli nacho lero chinapulumukira m'manja mwake. Ine wanga ndinamuthokoza patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndimayamika Mulungu kuti ndinamupeza akadali moyo. Anandiyang'ana, n'kuseka, nati ankayesa ndikadali wokwiya.

Wanuyo nayenso akuyesa choncho. Pitani mukamuuze lero.