Khoza Limodzi, Mikono Itatu

Kalekale, m'mphepete mwa mtsinje wa Bua, kunali munthu wina woweta mbuzi dzina lake Msakambewa. Anali ndi akazi atatu: Nankhoma wamkulu, Nagama wapakati, ndi Nachisale wamng'ono. Analinso ndi khoza limodzi la mnyanga wa njovu limene anasiya malemu mayi ake, ndipo ankangonena kuti adzaveka mkazi amene adzamukondweretse koposa. Zaka zinkapita khozalo lili m'nsupa, akazi atatuwo akulilota.

Bamboyu anali ndi nthenda imodzi: ankakonda mafunso owerengera pamtima. Ati akhale pansi, wayamba kale za nkhuku zingati, mazira angati, aswa angati. Woyankha nthawi zonse anali Nankhoma. Ankangotsinzina, milomo n'kumagwedera, yankho n'kutuluka, ndipo mbuzi ikaphedwa chiwindi chinali chake. Nagama zimenezi zinkamudya moyo. Iye akati awerenge, zala zinkamuthera funso lisanathe. Nachisale sankayesa n'komwe. Iye anapeza njira yake: ankaba madeya pamtondo wa Nankhoma n'kumadyetsa mbuzi mobisa, kuti bambo aziti mbuzi zimakonda mkazi wamng'ono.

Tsiku lina m'mawa, mbuzi zikadali m'khola kudikira kuti mame aume, kunafika mlendo waulemu kwambiri. Anapempha madzi akumwa, nati wamva mbiri yoti pakhomo pano pali mayi wosagonja pa kuwerenga. Msakambewa anaseka mpaka mano onse kuonekera, naitana banja lonse pansi pa mtengo wa mkuyu. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma palibe anafunsa kuti kalumoko kadzameta yani.

Mlendoyo anayamba: “Bwato linanyamuka ndi anthu asanu ndi awiri. Pa dooko loyamba anatsika atatu, anakwera anayi. Pa dooko lina anatsika awiri, anakwera asanu.” Anapitiriza choncho pang'onopang'ono, dooko ndi dooko, anthu kutsika, anthu kukwera. Nankhoma anatsinzina. Msakambewa anaweramira pansi akulemba mizere pa dothi. Mlendo atafuna kulekeza, Nankhoma mwa matama anati aonjezere madooko ena, zimenezi n'za ana. Mlendoyo anaonjezera mokondwa, pakuti nthawi yonseyi anzake awiri anali kuseri akuzula mitengo ya khola.

Pomaliza anafunsa kuti: “Tsono amayi, bwatolo linaima kangati?”

Nankhoma anali ndi chiwerengero cha anthu chili chile pamlomo, koma madooko sanawawerenge. 

Nagama iye sankawerenga. Maso ake anali pa Nankhoma, kudikira tsiku limene mutu umenewu udzaphonye. Poyang'ana choncho, anaona kupyola phewa la mnzakeyo mbuzi zikutuluka kuseri kwa khola. Musaganize kuti anakuwa pomwepo, ayi. Anaona kuti funso likupita kokoma, ndipo anafuna kuona kaye manyazi a Nankhoma ndi maso ake. Atakhuta, m'pamene anadzuka n'kukuwa kuti akuba. Mlendo uja analiyatsa liwiro, nsapato zake n'kutsala pa mkuyu.

Mbuzi zinali zitafika kale kutsidya kwa dambo, akuba akuzikusa ndi zikoti, ndipo Msakambewa ndi mimba yake sakanazipeza. Apo Nachisale anathamangira kunyumba kwake, natenga lichero la madeya akuba aja, nakwera pachulu. Anagogoda licherolo n'kuitana monga ankachitira masiku onse. Tonde wamkulu anaimika makutu, anatembenuka, nadutsa pakati pa miyendo ya wakuba, gulu lonse lili pambuyo pake. Akubawo anaona anthu a m'mudzi akubwera ndi mipini, nathawira kuphiri.

Msakambewa anayang'ana khola lodzaza, nati zonse zabwera, palibe yasowa. Anatuma kuti nsupa ija ibwere. Nagama ndi Nachisale aliyense anayamba kupukuta mkono wake.

Nankhoma, amene anali chikhalire ndi manyazi ake, anayankhula osadzutsa mutu. “Bambo, musafulumire. Pokolola zinali makumi anayi. Zinabadwa zisanu ndi zinayi, ziwiri tinapha pamaliro a malume anu, imodzi anagwira fisi. Ziyenera kukhala makumi anayi ndi zisanu ndi imodzi. Ine ndawerenga zikulowa, zakwana makumi anayi okha.”

Anthu anatsata mapazi, ndipo m'chigwembe china anapeza mbuzi zisanu ndi imodzi zitamangidwa milomo ndi luzi. Zinali zabere zokhazokha, zimene akuba anayamba kutulutsa funso likadali pa dooko lachiwiri. Pakanapanda Nankhoma, akubawo akanabwera kudzazitenga anthu ali kumunda.

Tsono mkangano unabuka, khoza lili m'manja mwa mwini wake. Nagama anati popanda maso ake, onse akanakhala pa mkuyu mpaka dzuwa kulowa, akukweza ndi kutsitsa anthu m'bwato lopanda madzi. Nachisale anamuyankha kuti kukuwa ngakhale khwangwala amatha, mbuzi zinabwera chifukwa cha mawu ake. Nankhoma anafunsa kuti madeya anali m'licheromo anachokera pamtondo wa yani. Nachisale anati bola iye anaba madeya, osati kupempha wakuba kuti aonjezere madooko. Apo mwana wa Nankhoma anaulula kuti anawaona amayi Nagama akuyang'ana kukhola nthawi yaitali, akumwetulira, asanakuwe.

Msakambewa anayesa kuwerengera pamtima monga mwa chizolowezi chake, koma ichi sichinali cha nkhuku ndi mazira. Ankadziwa kuti mkono umodzi ukavala, nyumba ziwiri zimutsekera chitseko. Kudula khozalo patatu sakanatha, pakuti khoza loduka salivala munthu.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwamva. Woyamba anapusitsidwa chifukwa cha nzeru zake zomwe, koma nzeru zomwezo zinapeza zabere. Wachiwiri anaona chifukwa cha nsanje, nachedwa kukuwa chifukwa cha nsanje yomweyo. Wachitatu anabweza gulu lonse ndi madeya akuba. Mukanakhala inu Msakambewa, mutagwira khozalo, akazi atatu atatambasula mikono, mukanaveka uti?