Wopalasa Bwato Amene Anamera Mapiko

Pamalo pathu pogulitsira batchoy, msuzi wathu wa nyama ya nkhumba, mumsika wa La Paz, ku Iloilo kuno, ntchito imatha dzuwa likapendeka. Msuzi ukauma mumphika, mbale zikatsukidwa, aliyense amafuna pake popumira. Pidoy, mwana wa malemu mchimwene wanga Ambo, pake panali kuseri kwa matumba a adyo, foni m'manja, kukamwa yasa ngati nsomba yoyanika. Munthu wa ndevu zake, koma akalowa mufonimo mungathe kumuba nsapato ali chivalire.

Ankasewera masewera aja a pa intaneti amene anthu amalukira limodzi nthano. Aliyense amaumba munthu wake, kumupatsa dzina, mbiri ndi khalidwe, kenaka n'kumalankhula m'nthanomo ngati iyeyo. Gulu lawo linali ndi mwambo wake. Munthu woumbidwayo salowa m'nthano chilowere. Amayamba waikidwa pabwalo kuti anzako amuunike ndi kunenapo maganizo, iwe mwini n'kukonza zimene wafuna. Koma ukamupereka kwa mtsogoleri, wapereka. Sabwereranso kuti ukamusoke chigamba.

Tsiku lina mtsogoleri wawo, Rhodora, namwino wa ku Bacolod, analengeza kuti nthano yafika pamtsinje waukulu ndipo pakufunika wopalasa bwato mmodzi yekha wowolotsa anthu. Pidoy mtima unamudumpha. Bambo ake anathera moyo wonse pabwato, kuwolotsa anthu pakati pa Iloilo ndi chilumba cha Guimaras, ndipo mwanayo anafuna kuti akhalenso ndi moyo, ngakhale m'nthano chabe. Anaumba nkhalamba dzina lake Ambo, yotsimphina mwendo, yoimba nyimbo mophonya mawu, yosadziwa kusambira ngakhale inakalambira pamadzi.

"Azakhali, tamverani," anatero, n'kundiwerengera.

"Ndi iyeyo ndithu," ndinamuyankha. "Wangoiwala kuti nsomba zake zinkakula nthawi iliyonse akazisimba."

Anamuika pabwalo. Woyamba kulemba anali Rhodora mwini, ndipo sanachulutse gaga m'diwa. "Ndamukonda. Funso ndi limodzi: munthu wosadziwa kusambira, chimamubwezera pamadzi m'mawa uliwonse n'chiyani? Ukayankha chimenechi, wamaliza." Pidoy anawerenga, nakwinya mphuno. Funso silinyezimira. Analidumpha.

Kenaka kunabwera Jobert, mnzake wa kusukulu, amene munthu wake m'nthanomo anali msilikali wa mikono ngati mitondo. "Aise, nkhalamba yakoyi ng'ona yoyamba idzaimeza ngati nthochi. Ipatse lupanga lamoto." Pidoy anaona kuti n'zoona, naipatsa lupanga. Mtsikana wina, Cherry-Ann, wokonda nkhani za chikondi, anati mwendowo usakhale wotsimphina chabe, Ambo akhale mwana wa mfumu wothawa kwawo amene anavulala kunkhondo. "Ndipo muchepetseko zaka, achimwene. Nkhalamba ndani angaikope?" Pidoy anadula zaka, nachotsa imvi, nawongola msana. Wina amene sankamudziwa n'komwe anati kusadziwa kusambira ndi ngozi, bwanji osangomupatsa mapiko. Mapiko anamera.

Musaganize kuti anthuwa anali ndi kaduka. Ayi. Aliyense ankapereka ndi mtima woyera chimene iye amakonda. Wokonda tsabola ukamufunsa za msuzi wako, sangakuuze kuti uthiremo uchi.

Atandiwerengera kachiwiri, ndinaika chipande pansi.

"Iwe, bambo ako anamera liti mapiko? Ine ndinakula nawo, kumsanako ndinkangoonako zipere."

"Azakhali, izi inu simungazimve. Ukamakana maganizo a anthu amati ndiwe wodzimva."

"Nanga nyimbo zophonya zija zili kuti?"

"Mwana wa mfumu angaimbe mophonya?"

"Chabwino, bwana. Mukakumana naye mwana wa mfumuyo mumufunse ngati akundidziwa, mwina n'kundigawirako kachigawo ka dziko."

Sanaseke. Anadina foni, namupereka mwana wa mfumuyo kwa Rhodora.

Lamlungu masana tikusenda adyo, foni inalira. Anali Rhodora. Pidoy, poti manja anali onunkha, anaikweza mawu n'kuiika pathumba, ndiye zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

"Pidoy, ndinapempha wopalasa bwato. Munthu wa mapiko, bwato alitani?"

"Achemwali, anthu ndi amene ananena kuti…"

"Ananena, inde. Kunena ndi ntchito yawo. Kusankha inali yako. Taganiza, tafika pamtsinje tonse, madzi akusefukira, aliyense mtima uli m'mwamba. Ndiye uyu angouluka n'kukatera tsidya, ng'ona n'kuiwotcha ndi lupanga. Enafe tisewere chiyani? Tiombe m'manja?"

Pidoy anakanda m'mutu ndi dzanja la adyo lomwelo.

"Ndibweze woyamba uja. Akadalipo, sindinamufufute."

"Mwambo ukuudziwa. Ndikakutsegulira iwe, mawa khomo limenelo ndilitseka ndi chiyani? Zandipweteka, mchimwene wanga, chifukwa nkhalamba ija ndinaifuna. Malo ndapereka kale."

Anapatsidwa mayi wina wa ku Cebu. Wopalasa wake anali gogo wogontha khutu limodzi, wa bwato lodontha, woopa achule. Nayenso pabwalo anamuthira maganizo ambirimbiri, malupanga ndi mapiko omwewo. Anathokoza aliyense mwaulemu, natengapo amodzi okha, oti gogoyo azikangana ndi okwera pa nkhani ya nyengo. Mpaka lero gulu lonse likuwoloka ndi gogo ameneyu, ndipo akuti akamakapa madzi m'bwato anthu amaseka mpaka kugwetsa mafoni.

Chomwe chinamumaliza Pidoy chinafika madzulo a tsiku lomwelo, tikutseka. Jobert, mwini lupanga uja, analemba kuti, "Koma aise, nkhalamba yoyamba ija inali bwino. Unaisinthiranji?"

Pidoy anawerenga mawuwo. Anatembenuza foni chafufumimba, nakhala pathumba, mapewa ali goo.

"Azakhali," anatero motsitsa mawu, "kodi chinkawabwezera pamadzi bambo n'chiyani?"

"Lero ndiye wafunsa?"

"Ndafunsa."

"Iweyo. Ndi mimba yakoyo. Bambo ako akaona mafunde mawondo ankagundana ngati mbale m'beseni. Koma kunyumba kunali kamwana kodya ngati dzombe, kofuna yunifolomu ndi nsapato. Ankaimba mophonya muja kuti okwera asamve mano akugwedera."

Yankho limene likanalowetsa bambo ake m'nthano linali litakhala pambali pake nthawi yonseyi, likusenda adyo, iye ali kalikiliki kutola mapiko kwa anthu odutsa. Misozi inalengeza, iye n'kunamizira adyo. Ndinamusiya anamize, poti adyoyo sakanadzikanira.

Maganizo a anzako ndi zipatso za mumtengo wa eni. Umathyola chimene dzanja lako lingagwire, dzanja linalo lili pa nthambi imene wakwerera. Pidoy anasiya nthambi kuti agwire zonse, ndipo pofika pansi analibe chipatso, analibe bwato, analibenso Ambo. Akale sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.